Layisensi ili m'sutikesi, ine ndili pakhomo: kodi ndidakali namwino?

Nabanda:
Anzanga mwaswera bwanji. Ndakhala pagulu pano chaka chathunthu ndikungowerenga za ena, lero mundilole nane nditule. Ndinamaliza dipuloma ya unamwino ndi uzamba mu 2023, mayeso a ku Khonsolo ya anamwino ndi azamba, yopereka layisensi, ndinakhoza ulendo woyamba womwewo. Kuchokera apo ndalemba makalata ofunsira ntchito 17, ndikudziwa chifukwa ndimalemba kuseri kwa kope langa lakale la kusukulu. Amene anandiyitana ndi atatu. Intavyu yachitatuyo inali Lachiwiri lapitali, ndipo ndi imene yandilembetsa zimenezi.

Anandifunsa kuti, mayi wa pakati pa miyezi 8 wafika ndi BP ya 170/115, uli mkati momuyeza wayamba kuphupha, uchita chiyani? Abale, funso limeneli ndinaliyankha kusukulu, ndinaliwerenga pokonzekera a Khonsolo, ndinazionanso ndi maso ku leba wodi ndili chaka chachitatu. Koma tsikulo m'mutu munangoti mbee. Ndinati magnesium sulphate. Mayi wina wa pa panelo anati, "Wochuluka bwanji, kudzera pati?" Ine duu. Ndinkangomva thukuta likutsika kumsana. Nditakwera minibasi, kondakitala akundipatsa chenji, zonse zinabwera: magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, magalamu 5 thako ili, 5 thako linalo. Ndinalira mpaka mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anandifunsa ngati ndikupita kumaliro.

Ndiye funso langa si la ntchito kwenikweni. Kodi ine ndidakali namwino? Zaka ziwiri sindinagwire kanyula, kasingano koika mumtsempha kolowetsera diripi. Mwina a panelo aja anaona zoona, kuti munthu uyu tikamusiya yekha usiku atiphera mayi.

Naphiri:
Iwe Nabanda, osandiimbira bwanji? Ine yanga inali chaka chatha. Anandifunsa kuti pa partograph, tchati cholondolera mmene mayi akuchirira, mzere wa alert ndi wa action atalikirana maola angati. Chinthu choti ngakhale undidzutse pakati pa usiku ndikuuza kuti 4. Pakamwa panatuluka 2. Ndinadzimva ndekha ndikulakwitsa koma lilime linali litapita kale.

Pano ndikugulitsa kaunjika Lachitatu ndi Loweruka. Tsiku lina pa benchi panga panafika mayi amene ndinamuchiritsa ndili pa prakitiko, mwana uja akuyenda yekha tsopano. Anandizindikira. "Anesi, mwasiya ntchito?" Ndinanama kuti ndili pa holide, ndikuthandiza achemwali anga.

Mnyamata wa ku Rumphi:
Bodza la holide tonse tanamapo. Ine kutchalitchi kwathu akudziwa kuti posting yanga ituluka mwezi wamawa. Mwezi wamawa umenewo unayamba mu 2022.

Gama RN:
Alongo a Nabanda, ndikuyankheni monga munthu amene waima pamzere womwewo ndi digiri ya zaka 4 m'manja. Tisiyanitse zinthu ziwiri: kusowa kwa anamwino m'zipatala, ndi kusowa kwa malo okhala ndi malipiro. Zoti zipatala zikusowa anthu aliyense amene anadikirirapo wodwala akudziwa, namwino m'modzi usiku wonse, mabedi odzadza, ena agona pansi. Koma kuti boma likulembe, malowo ayenera kukhala ndi ndalama yake imene a Treasury avomereza. Malo amatha kukhala papepala zaka ndi zaka popanda ndalama.

Onaninso njira zolowera. Zipatala zikuluzikulu, Queens, KCH, Zomba ndi Mzuzu, zimalemba kudzera ku Health Service Commission. Za m'maboma zimadzera ku makhonsolo ndi Local Government Service Commission. A CHAM, a zipatala za mishoni, nawo malipiro a antchito awo ambiri amachokera kuboma komweko. Tinjira titatu, chitsime chimodzi. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjezana kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ife zaka zambiri timathera kunsi kwake. Onjezanipo kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mankhwala ambiri timagula kunja.

Ndiye mukalowa m'chipinda cha intavyu, anthu aja sakufufuza ngati ndinu namwino. Funso limenelo a Nurses and Midwives Council analiyankha kale pokupatsani layisensi. Iwo ali ndi malo ochepa, panja pali chikhamu, akufuna chifukwa chilichonse chochepetsera mayina. Mwaiwala za June 2020, anthu akupondana pa Katoto ku Mzuzu pofuna kulowa ma intavyu a unduna wa zaumoyo mpaka ena kuvulala? Onse aja anali mbuli?

Nabanda:
Achimwene ndamva, ndipo zikomo. Koma a Treasury si amene anandiiwalitsa mulingo wa mankhwala. Ndinaiwala ndine.

Sisita Wopuma:
Mwana wanga wayankha bwino, musamutseke pakamwa ndi nkhani za bajeti. A Gama zimene mwanena ndi zoona zokhazokha, koma mwayankha funso limene iye sanafunse.

Ine ndinapuma ntchito, pagulu pano anandilowetsa ndi mwana wa mng'ono wanga amene naye akudikira ngati inu. Ndikuuzeni kaye komwe vuto lanuli linachokera, chifukwa ndinaliona likubadwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mawodi anatsala opanda anthu. Anzathu ena ankapita ku UK, ena ku mabungwe, ena tinawaika m'manda ndi matenda aja. Mu 2004 boma linayamba ndondomeko yapadera yopulumutsa ntchito zaumoyo, ndi thandizo la Britain ndi Global Fund. Malipiro athu anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, makoleji anakuzidwa kuti azitenga ana ambiri. Masiku amenewo kalata ya posting inkakupeza usanamange n'komwe katundu ku hostel. Mpopi anautsegula, ndipo anachita bwino. Koma ndowa yolandirira madziwo sinakule mofanana. Inu ndinu madzi amene akutayikira pambali, osati chifukwa ndinu akuda ayi.

Tsopano za kuuma pakamwa. Usiku wanga wachitatu pa ntchito, pa kachipatala kakang'ono ka kumudzi, mayi anachira bwinobwino, nsengwa inatuluka, ndatembenuka kuti ndione mwana, ndikumva madzi akudontha pansi. Sanali madzi. Magazi anali akuyenda ngati wina wapendeketsa chidebe. Ine ndinaima njo, kambale m'manja, nyali ya parafini ikuphethira. Kusukulu ndinali m'gulu la okhoza bwino, ndipo kunali kutangopita masabata ochepa chichokereni. Amene anandidzutsa ndi amayi othandizira pa wodi, oti sukulu analekezera Sitandade 6. Anandigwira pamkono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Anesi, tikitani pamimbapo." Dzanja litangofika pa chiberekero, zonse zinabwerera m'malo mwake. Mayi uja anakhala moyo.

Ndiye usaganize kuti unauma chifukwa wakhala zaka ziwiri pakhomo. Ine ndinauma ndili wotentha kuchokera m'kalasi. Zinthu unazikumbukira mu minibasi, ndiye kuti zilimo. Chimene sunazolowere ndi kuzitulutsa maso a anthu ali pa iwe. Chimenecho sichibwera powerenga chamumtima uli chigonere pa bedi. Chimabwera ponena mokweza, wina akukufunsa mokupanikiza, kambirimbiri, mpaka pakamwa pazidziyankhira pokha.

Koma sindikunamizanso: manja amaiwaladi. Mtsempha wa mwana wa miyezi 6 amene watsegula m'mimba masiku atatu sudzaupeza ndi zimene unaloweza. Pamenepo pakufunika kugwira.

Naphiri:
Amayi, nkhani ya amayi othandizira pa wodiyo yandigwetsa misozi pa msika pano. Kasitomala akuganiza kuti ndalira chifukwa wanenerera mtengo.

Phiri wa pa upkeep:
Pa nkhani ya manja ndiikepo mlomo. Ine nditakhala chaka ndi miyezi 4 pakhomo ndinavala bwino n'kupita kukaonana ndi a DNO, mkulu wa anamwino m'boma lathu. Ndinanyamula layisensi, satifiketi ndi kalata yopempha kuti ndizithandiza. Anandiika pa wodi ya ana. Tsiku loyamba kanyula ndinalephera kawiri, mayi wa mwana anandiyang'ana diso loti ndikanatha kulowa pansi. Sisita wa pa wodi sanandikalipire, anangoti "gwira dzanja ili, ona mmene ndikupendekera singano." Sabata yachiwiri ndinayamba kulowetsa ndekha. Pano akavutika amayitana ine.

Kandalama ka upkeep, kamene amatipatsa othandizafe m'malo mwa malipiro, ndi kochepa, kamabweranso mochedwa, nthawi zina miyezi iwiri osakaona. Chimene chimandipulumutsa ndi lokamu, kugwirira mnzako shifiti molipidwa, wina akapita ku maliro kapena ku semina. Koma nditapita ku intavyu mwezi wathawu anandifunsa za mwana wa malungo aakulu wolemera makilo 12, sindinaganize n'komwe: artesunate, 3 mg pa kilo chifukwa sanafike makilo 20, akanapitirira ikanakhala 2.4. Ndinali nditabaya dzulo lake. Zotsatira sizinatuluke, koma ndinatuluka m'chipinda muja mutu uli m'mwamba.

Gama RN:
Aise Phiri, apa ndiye tisiyana. Iwe ukugwira ntchito yonse ya namwino, mausiku, maholide, pa ndalama yosakwana ndi thiransipoti yomwe. Ndiye bwana amene ali ndi anthu asanu ngati iwe adzalemberanji kalata yodandaula kuti wodi yake ilibe anthu? Mpata umene unayenera kuoneka mwaubisa ndi matupi anu. Tikudzikhomera tokha msomali.

Chachiwiri, tsiku limene zinthu zidzalakwike, Mulungu aletse, mwana n'kumwalira iwe utabaya, adzakuimira ndani? Sulinso wophunzira woti mphunzitsi akuyankhira, sulinso wa pa payroll. Layisensi imene idzakhale pa moto ndi yako.

Phiri wa pa upkeep:
Zoona zake aise, koma mwana wokomoka akafika saonetsa payroll. Ndipo ine ndikanakhala pakhomo kudikira kuti boma lione mpata, bwenzi pano ndikulemba zimene walemba Nabanda. Pa za kundiimira, n'chifukwa chake ndinakana kuyamba popanda kalata yosainidwa yonena kuti ndili pa wodi yakuti, pansi pa sisita wakuti. Amene akufuna kuyesa njira imeneyi asangolowa chifukwa in-charge ndi mnzake wa kutchalitchi. Kalata kaye. Ndiponso layisensi ikhale yolipiridwa ya chaka chimenecho.

Mzamba wa kuchigwa:
Nonse awiri mukunena zoona, n'chifukwa chake zimapweteka. Ine kolera ya 2022 mpaka 2023 ndinaigwira pa kontilakiti ya miyezi yowerengeka. Matenda aja anapha anthu oposa 1,700 dziko lonse, ndipo kuno kuchigwa Freddy anabwera kudzaonjezera mu March 2023. M'matenti muja palibe anandifunsa kuti ndili ndi experience ya zaka zingati. Munthu wabwera maso atalowa, mtsempha wosaoneka, umapachika diripi ya Ringer's lactate n'kuthamangira wina. Ndinkagona maola atatu, nsapato zikununkha klorini. Kolera itatsika anati zikomo kwambiri, tidzakuyitanani. Mwezi wotsatira ndikufunsira ntchito pa kachipatala kena koyima pakokha, akuti tikufuna wa experience ya zaka ziwiri yosadukiza. Ndinaseka ndekha panjira ngati wamisala.

Chimene ndinatolapo n'choti mantha aja amatha tsiku loyamba lomwelo ntchito ikakuchulukira. Amabwereranso ukakhala pansi. Pano ndili pakhomo chaka chachiwiri, ndipo nane ndayambanso kudzifunsa ngati ndingathe, ine yemwe uja wa m'matenti.

Wa pulojekiti yotsekedwa:
Ndipo mzere watalika, musaiwale. January 2025 boma la America litaimitsa thandizo la kunja, ambiri amene tinali m'mapulojekiti a HIV tinauzidwa kuti tikhale kaye kunyumba. Ena anabwerera, ena ife ayi. Ndiye pa intavyu imene mukupita inu a 2023 tikukhalaponso ife a zaka 7 pa ntchito, tikulimbirana malo omwewo a koyambira. Sindikunena kuti ndikuopsezeni. Ndikunena kuti mukagwa musamathamangire kuganiza kuti munalakwitsa chachikulu. Mwina amene analowa patsogolo panu anali ine, ndipo nane sananditenge.

Mnyamata wa ku Rumphi:
Ndiye tingothawa basi. Alipo ali kunja pagulu pano atiuze njira? NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, inayesa mu 2022 zotumiza anamwino osowa ntchito ku America ndi Saudi Arabia, boma silinalole. Kutilemba ayi, kutilola kupita ayi.

Nachisale ku Leeds:
Ndilipo achimwene. Ndinena mosabisa chifukwa chikomekome cha mkuyu. Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa mayiko amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri, ndipo malamulo a kuno ku UK saloleza zipatala kapena ma agent kubwera kudzakopa anamwino kuchokera ku mayiko amenewo. Munthu payekha ukhoza kufunsira ntchito imene yalengezedwa, koma zonse umayendetsa wekha. Pamafunika mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, kenako CBT ya pa kompyuta, kenako OSCE, mayeso oonetsa ntchito ndi manja, imene umadzalembera kuno, ndipo chilichonse chimalipiridwa m'mapaundi. Werengerani nokha ndi mmene kwacha ilili. Komanso amayang'ana mtundu wa maphunziro ako, ndiye a dipuloma ya NMT mufufuze kaye ku NMC, khonsolo ya anamwino ya kuno, musanataye ndalama pa IELTS.

Njira ya ntchito yosamalira okalamba imene ambiri ankadzera, kuyambira March 2024 analetsa kubwera ndi banja, ndipo mu July 2025 anatsekeratu zolemba anthu atsopano kuchokera kunja. Ndiye wina akakuuzani kuti tumizani ndalama ndikupezereni sponsorship ya care, ameneyo ndi wakuba.

A Nabanda, ine OSCE ndinalephera ulendo woyamba. Ndinali nditagwira zaka 6 kumudzi, ndachiritsa amayi osawerengeka, koma pamaso pa chidole ndi mzungu wogwira wotchi ndinaiwala kuyang'ana chibangili cha dzina la wodwala ndisanapereke mankhwala. Ndinabwerera kuchipinda changa n'kudzifunsa funso lanu lomwelo.

Admin:
Pepani ndidule pang'ono. Ndachotsa uthenga umene wina anaponya m'mawa wonena kuti bungwe lina likufuna anamwino 40 ndipo ofuna atumize K15,000 ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Nambala yake ndi ya munthu, imelo yake ndi ya Gmail, dzina la bungwelo alilemba mosiyana kawiri m'kalata imodzi. Ntchito yeniyeni salipiritsa fomu, salipiritsa intavyu. Za boma muzione m'nyuzi, pa bolodi ya kwa DC kapena pa masamba enieni a unduna. Amene mwatumiza kale ndalama mundipeze ku inbox, musachite manyazi, simuli nokha. Pitirizani.

Naphiri:
Admin, ine ndinatumizapo chaka chatha ya mtundu womwewo. Phindu la mabelo awiri. Sindinauzepo munthu mpaka lero.

Nabanda:
Ndawerenga zonse kawiri. Amayi Sisita, mwandifika pamtima. Ndinene chinanso chimene sindinalembe poyamba paja chifukwa cha manyazi.

Kuti ndimalize sukulu bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri ndi dimba la kudambo. Tsiku la graduation anabwereka jekete. Mudzi wonse umanditchula kuti adokotala. Pano m'mawa uliwonse ndimapita kumjigo ndi anzanga amene analekezera Fomu 2, iwo ali ndi mabanja awo, ine ndikupempha bambo ndalama ya bandulo kuti ndione ngati kwatuluka ntchito. Bambo sanandinenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi, ndipo kukhala chete kwawoko ndi kumene kumandipha. Mng'ono wanga wakhoza MSCE chaka chino, akufuna za unamwino. Amayi anandifunsa kuti timulole? Ndinasowa choyankha.

Anthu amabwera pakhomo, wina kuti ndimuyeze BP, wina mwana watentha thupi. Kale ndinkasangalala. Masiku ano ndikamva "odi, adokotala alipo?" ndimauza mng'ono wanga kuti anene kuti ndachoka. Ndimaopa kuti ndinena cholakwika. Usiku tulo sitibwera, ndimangobwereza intavyu ija.

Mzamba wa kuchigwa:
Asisi, ndikufunseni monga mmene tinaphunzirira kufunsa wodwala, musakhumudwe. Kusagonako kwatenga nthawi yaitali bwanji? Mukudya? Zilipo zimene munkakonda zimene pano simukuzifunanso? Ndipo maganizo oti bola kungochoka pa dziko anakufikiranipo? Simukuyenera kuyankha pagulu, nambala yanga ndakutumizirani. Ife anamwino timadziwa kufunsa ena mafunso amenewa koma tokha timati ndi kutopa chabe. Zikapitirira, pa zipatala zambiri za m'maboma pamakhala wa zamaganizo, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ine ndinapitako kolera itatha, chifukwa ndinkalota matenti.

Nabanda:
Zikomo asisi. Zoti ndidzipweteke ayi, sizinandifikire. Kudya ndikudya. Tulo ndi kuthawa anthuko ndiye kwatenga mwina miyezi itatu, intavyuyi yangowonjezera. Ndikuimbirani madzulo ndikapeza netiweki pachulu.

Gama RN:
Alongo pepani, ndinathamangira kuwerengera ndalama za boma inu mukunena za mtima. Koma pa za mng'ono wanuyo ndinene maganizo anga: musamuletse, koma mumuuze zonse. Adziwe kuti pakati pa graduation ndi malipiro oyamba pakhoza kudutsa zaka, ndipo akhale ndi china cha m'manja. Ife anatiuza kuti unamwino ndi ntchito yosasowa, n'chifukwa chake tikakhala pakhomo timaganiza kuti vuto ndi ife.

Sisita Wopuma:
Za bambo akowo, mwana wanga, ine ndine kholo. Kukhala chete kwa kholo si mlandu nthawi zonse. Mwina nawo akuopa kuti akayankhula akuwonjezera katundu. Tsiku lina ukawapatsa madzi osamba, ukhale pansi uwauze mmene intavyu inayendera, ndi kulephera komwe. Uona.

Koma tisangolira. Tiyeni tiyambe pompano. Nabanda, ndine wa pa panelo, ndipo sindikumwetulira. Mayi uja wamubaya magnesium sulphate wako wa mu minibasi. Usanamupatse wina pakatha maola 4, uyang'ana chiyani? Ndipo ukaona kuti mankhwala amuchulukira, upereka chiyani? Usatsegule kope. Ujambule mawu, ndikufuna ndimve pakamwa pako, kenako ulembe kuti anzako aone.

Nabanda:
Amayi mwandidzidzimutsa, mtima ukugunda ngati ndili m'chipinda muja. Ndatumiza mawu. Ndinati: ndiwerenga kapumidwe, kasatsike pa 16 pa mphindi. Ndigogoda pa bondo kuona ngati mwendo ukudumpha. Ndiyeza mkodzo, usachepere 30 ml pa ola, ndiye kuti kafita, kachubu kotulutsira mkodzo, akhale ataikidwa kale. Zonse zikakhala bwino ndipereka magalamu 5 pa thako, kusinthasintha mbali, mpaka maola 24 atadutsa chichirireni kapena chiphuphireni komaliza. Akasiya kupuma bwino ndiimitsa mankhwala, ndimuthandiza kupuma, ndipereka calcium gluconate galamu imodzi mumtsempha pang'onopang'ono.

Mnyamata wa ku Rumphi:
Eee! Ameneyu ndi amene amafunsa ngati adakali namwino? Ine za 30 ml ndinaiwala kalekale.

Sisita Wopuma:
Wakhoza, koma mawu ako ananjenjemera pa chiyambi ndipo unati "mwina" kawiri. Mawu amenewo uwasiye panja pa chitseko. Ndiponso pa funso la Lachiwiri lija, ukanayamba ndi zimene manja amachita mankhwala asanafike: kuitana thandizo, kumugoneka chammbali cha kumanzere, kuona kuti njira ya mpweya ndi yotseguka, kumuteteza asagwe pa bedi. Ukayamba ndi zimenezo pakamwa pamakhala patatseguka kale, manambala amakupeza m'njira. Ambiri mumathamangira dzina la mankhwala ngati mukuyankha mafunso a pa wailesi, ndiye mukapunthwa pa nambala mulibenso pogwira. Ndipo BP ya 170/115 ija usaisiye, nayo ikufuna mankhwala ake.

Naphiri, lako ndi ili. Mayi wachira, patha mphindi 20, akutaya magazi kwambiri. Yamba.

Naphiri:
Amayi ndili ndi makasitomala atatu, koma chabwino. Ndikuwa kuitana anzanga, nditikita chiberekero kuti chilimbe, oxytocin, makanyula awiri akuluakulu ndi madzi othamanga, ndiona ngati nsengwa inatuluka yonse, ndiyang'ana ngati pali pong'ambika, ndiyeza BP ndi kugunda kwa mtima pafupipafupi. Zikakanika nditumiza msanga ku chipatala chachikulu.

Sisita Wopuma:
Chikhodzodzo wachisiyira ndani? Chikadzadza mkodzo chiberekero sichilimba, utikita mpaka dzanja kuwawa. Ika kafita.

Nachisale ku Leeds:
Muonjezeponso tranexamic acid, galamu imodzi mumtsempha, pasanathe maola atatu chichirireni. WHO inalimbikitsa zimenezi mu 2017, ndiye ena a ife amene tinaphunzira kale sitinazipeze m'makope. A panelo amakonda kuona ngati ukutsatira zatsopano.

Sisita Wopuma:
Mwaona? Nane ndaphunzira. Masiku anga kunalibe zimenezo.

Admin:
Izi zandisangalatsa. Tipange chonchi: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu 7 koloko madzulo, funso limodzi, aliyense ayankhe ndi mawu ojambula osapitirira mphindi ziwiri kuti bandulo isathe. Amayi Sisita ndi a Nachisale akhale a panelo. A Phiri mutibweretsere zimene mukukumana nazo pa wodi, osatchula mayina a odwala kapena chipatala.

Gama RN:
Ndilowa nawo. Koma maganizo anga pa zogwira ntchito yaulere sanasinthe, ndipo Lachisanu ndikufuna tikambiranenso zolemba kalata imodzi tonse kupita ku NONM. Kuloweza milingo sikutsegula malo.

Phiri wa pa upkeep:
Kalatayo ndisaina nawo aise, ndikatsika nayiti.

Nabanda:
Ine ndaganiza kuti Lolemba ndipite kwa a DNO ndi mapepala anga monga anachitira a Phiri, ndikapemphe ngakhale masiku atatu pa sabata pa chipatala chathu chaching'onochi. A Gama musandikwiyire, kalata yanuyo nane ndisaina. Vuto ndi limodzi: ndatsegula sutikesi kuti ndione yunifolomu, diresi ilipo koma nsapato zoyera zija makoswe anadya chidendene chonse.

Naphiri:
Umavala sayizi 5 eti? Mu belo la dzulo mwatuluka zoyera ziwiri, imodzi yothimbirira pang'ono kutsogolo koma Jik achotsa. Ndipatsira kondakitala wa minibasi ya Loweruka m'mawa, ukadikire pa siteji. Ndalama udzandipatsa posting ikatuluka.

Mnyamata wa ku Rumphi:
Mwezi wamawa umenewo.